Mayunitsi akutha msanga chisanu chino: tigwire pati?

Make Tadala, Chilomoni: Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Ndithandizeni nzeru. Chiyambireni chisanu chino mayunitsi a magetsi kwathu sakuchedwa kutha. Ndalama yomwe inkatifikitsa kumapeto kwa mwezi pano ikuthera pakati. Mababu onse tinaika a LED, TV sitiisiya ikulira yokha, ngakhale machaja a foni ndikumazula pakhoma. Koma palibe chikusintha. Kodi mita imatha kuthamanga yokha, kapena pali china chimene sindikuchiona?

Nabanda, Ndirande: Mwandifunsira ine amayi. Ndili tcheru.

Bambo Kachingwe, Zingwangwa: Taswera amayi. Tisanaiganizire mita, tandiuzani zinthu zitatu. Giza muli nayo? Mumaphikira chiyani? Nanga hita ilipo?

Make Tadala, Chilomoni: Giza ilipo ndipo sitiizimitsa, chifukwa bambo a kunyumba amasamba mbandakucha popita kuntchito. Kuphika ndi hotipuleti ya mbale ziwiri. Hita tagula chaka chino kaamba ka mwana wamng'ono, amakhosomola kukazizira. Timaiyatsa madzulo mpaka ana agone.

Bambo Kachingwe, Zingwangwa: Basi amayi, mwayankha nokha. Ntchito yanga ndi ya mawaya, ndiye mundilole nditambasule pang'ono, mwina zithandizanso ena.

Yuniti imodzi ndi mawati 1,000 atayaka kwa ola limodzi. Chipangizo chilichonse chimakhala ndi kachizindikiro pansi kapena kumbuyo kosonyeza mawati ake. Babu la LED la mawati 9 liyenera kuyaka maola oposa 100 kuti limalize yuniti imodzi. Chaja ya foni ndiye yochepa kuposa pamenepo. Mukhoza kuzula machaja chaka chonse, pa mita simudzaona kanthu.

Tsopano giza. Yambiri ya malita 150 imakhala ndi elementi, chitsulo chotenthetsera madzi m'kati mwake, ya mawati 3,000, kutanthauza mayunitsi 3 pa ola ikamatenthetsa. Kutenthetsa thanki yonse kuchoka pa madigiri 20 kufika pa 60 kumadya pafupifupi mayunitsi 7. Mu Juni ndi Julayi madzi amalowa m'thankimo ali ozizira kuposa nthawi zonse, anthunso amachedwa pashawa chifukwa kutulukamo kumawawa. Hita ya mawati 2,000 mukaiyatsa maola 4 yadya mayunitsi 8 usiku umodzi. Chulukitsani ndi masiku 30, ndi mayunitsi 240 pa hita yokha.

Chimene chimadya magetsi m'nyumba ndi chinthu chotentha: giza, hita, hotipuleti, uvuni, ketulo, ayironi. Kumeneko ndi kumene tiyenera kulimbana nako.

Make Tadala, Chilomoni: Mayo ine! 240 pa kahita kameneka? Ndiye ndimakalipira ana za TV chabe.

Wyson, Machinjiri: Koma madala, ine ndinamva kuti giza ukamaizimitsa n'kuyatsanso imadya kwambiri, chifukwa imayambira pa madzi ozizira. Akuti bola kungoisiya.

Bambo Kachingwe, Zingwangwa: Zimenezo zimakambidwa kwambiri achimwene, koma si zoona. Thanki yotentha imataya kutentha tsiku lonse kudzera m'khoma lake ndi m'mapaipi, ndiye elementi imangoyakayaka kubwezeretsa chomwe chatayika ngakhale m'nyumba mulibe munthu. Ikakhala yozimitsa, madzi akamazizira kutayako kumachepanso. Choncho kuzimitsa sikungakudyereni zambiri kuposa kuisiya. Yatsani pa bolodi ola limodzi kapena awiri musanasambe, kenako zimitsani. Ngati kudzuka usiku kukuvuta, pali taima yomwe amaika pa bolodi pomwepo, imayatsa ndi kuzimitsa yokha pa nthawi imene mwaitchera.

Koma ndinene chilungamo: phindu lalikulu lili pa kuchuluka kwa madzi otentha amene mukuthira pansi, osati pa swichi yokha. Munthu wosamba m'ndowa akawiritsa malita 5 n'kusakaniza ndi ozizira wagwiritsa ntchito theka la yuniti basi. Shawa yotsegula kwa mphindi 15 ikhoza kupitirira apo kangapo. Onaninso kachipangizo kotchera kutentha kaja. Ena amapeza kanaikidwa pa 70 kapena kuposa. Ikani pa 60. Musatsike kwambiri kuposa apo chifukwa madzi ofunda chabe okhalitsa m'thanki amasunga tizilombo. Paipi yotuluka m'giza ikulungeni ndi thovu la mapaipi lija, limapezeka m'mashopu a hadiweya ku Limbe.

Mayi Jere, Kanjedza: Poti mwatchula ndowa, chonde tisamagwiritse ntchito kawaya kopanga tokha koviika m'ndowa kaja. Mwana akapisamo dzanja kuti aone ngati madzi atentha, ngozi yachitika kale.

Yohane kalipentala, Bangwe: Ine ndilowe pa nkhani ya hita. Amayi a Tadala, kuchipinda kwa anako siling'i ilipo?

Make Tadala, Chilomoni: Pabalaza ndi kuchipinda kwathu ilipo. Kwa ana ayi, ndalama zinathera panjira pomanga.

Yohane kalipentala, Bangwe: Ndiye hitayo ikutenthetsa malata, osati ana. Mpweya wotentha umakwera m'mwamba, ukagunda lata lozizira kutentha kwapita panja. Zili ngati kutunga madzi ndi dengu. Kuno ku Bangwe, Limbe mpaka Chigumula kumazizira kuposa m'tauni chifukwa n'kokwera, ndipo chiperoni chikabwera kuchokera mbali ya Mozambique ndi kamvula kake kowaza kaja, nyumba yopanda siling'i siisiyana kwenikweni ndi pakhonde.

Zoyamba kuchita zosafuna ndalama zambiri ndi izi. Imani m'chipindamo masana mutatseka chitseko ndi mawindo, muone pamene kuwala kukulowera. Paliponse pakulowa kuwala, mphepo ikulowanso. Nyumba zambiri zili ndi mpata pakati pa khoma ndi malata pomwe omanga sanatseke, pamenepo pamangofunika zidutswa za njerwa ndi matope kapena simenti pang'ono. Pansi pa chitseko khomerani kachidutswa ka chubu cha tayala kuti kazikwekwesa pansi, kapena sokani chitenje chakale ngati kasoseji, muthiremo mchenga, muziika pamenepo usiku. Mawindo a magalasi osanjikizana aja satseka bwino ngakhale ali atsopano, ndipo galasi limodzi likasweka anthu timangozolowera. Ikanimo lina. Katani ikhale yokhuthala ndi yofika pansi, ngakhale bulangete lakale limagwira ntchito. Pa simenti yalani mkeka kapena mphasa.

China chimene ambiri sachilabadira: nyengo ino dzuwa limadutsa chakumpoto. Zenera loyang'ana kumpoto litsegulireni katani m'mawa kuti dzuwa lilowe litenthetse pansi ndi makoma, ndiye mutseke dzuwa lisanalowe kuti kutenthako kukhalire m'kati.

Siling'i ndiye mankhwala enieni, ndipo ubwino wake umaonekanso mu Okutobala malata akamawotcha, fani siigwira ntchito usiku wonse. Ngati mabolodi akudula, yambani ndi chipinda cha ana chokhacho. Ena amaika mphasa, zimathandiza ndithu, bola mawaya onse a pamwambapo akhale m'mapaipi ake chifukwa mphasa siichedwa kugwira moto. Amene mukumanga kumene, ikani pepala lonyezimira lija pansi pa malata musanakhome. Mukadzafuna kuliika nyumba itatha mudzalipira kawiri.

Mayi Jere, Kanjedza: Achimwene a Yohane mwanena bwino, koma ndiwonjezere chinthu chimodzi ngati namwino, ndipo ndikupempha aliyense awerenge. Kutseka mipata sikutanthauza kutseka timabowo ta mpweya tomwe omanga amasiya pamwamba pa mawindo. Ndipo mbaula ya makala isagone m'chipinda. Ayi ndithu. Makala akamayaka m'nyumba yotseka amatulutsa mpweya wakupha umene sununkha ndipo suoneka. Munthu amayamba kumva mutu, chizungulire, nseru, kenako kufooka moti ngakhale chitseko sangathe kuchifikira. Amene ali m'tulo sadzukanso. Makala ofiira opanda utsi, amene timati apsa bwino, nawonso amautulutsa. Nkhani ya kusunga mayunitsi isatifikitse poti tazimitsa hita n'kulowetsa mbaula. Mukapeza munthu wafooka m'chipinda momwe munali mbaula, mutulutseni panja msanga, tsegulani paliponse, thamangani naye kuchipatala ngakhale aoneke ngati watsitsimuka.

Kwa mwana wokhosomola, muvekeni chipewa ndi sokosi, muyale bulangete pansi pake osati pamwamba pokha, chifukwa kuzizira kwambiri kumachokera kumatiresi opyapyala. Botolo la madzi ofunda lotseka bwino, lokulunga m'nsalu, liikeni pabedi asanagone kenako mulichotse. Hita ngati mukuifunabe, mphindi 20 kapena 30 asanalowe m'chipinda zakwana, ndipo ikhale kutali ndi neti ya udzudzu. Masana tsegulani mawindo mphepo idutse, nyumba yachinyontho imachita nkhungu ndipo chifuwa chimakula. Chifuwacho chikapitirira milungu iwiri kamuyezetseni.

Gogo Nasimango, Chigumula: Zoona mwana wanga. Kuno timaotha mbaula pakhonde, tikafuna kugona timaisiya konko.

Ine ndifuna ndinene za nyemba, poti zimenezi ndiye zimatha moto. Atsikana a masiku ano amatenga nyemba zouma gwa n'kuziika pamoto maola atatu. Zivikeni usiku, m'mawa mutaye madziwo. Mukatero wiritsani kwambiri kwa mphindi 20 mutavundikira, kenako chotsani poto pamoto osatsegula, mumuike m'dengu momwe mwayalamo nsanza, mabulangete akale kapena udzu wouma, pamwamba muphimbenso ndi pilo. Pitani kumsika kapena kutchalitchi. Pobwera pakatha maola anayi nyemba zafewa, mungokazingira tomato ndi anyezi. Mpunga ndi mbatata zimapsanso momwemo, izo sizichedwa n'komwe.

Nabanda, Ndirande: Agogo, sizisasa m'dengumo?

Gogo Nasimango, Chigumula: Sizisasa ngati zalowa zikubwadamuka ndipo simunatsegule. Koma musazisiye kuyambira m'mawa mpaka usiku. Mukatulutsa muziwiritsenso pang'ono pokazingira paja.

Bambo Kachingwe, Zingwangwa: Nzeru ya agogoyi ndi yofanana ndi mmene poto wamagetsi wa pulesha amagwirira ntchito. Ali ndi mawati pafupifupi 1,000, koma akafika pa mphamvu yake amazima yekha n'kumangoyaka mwa apo ndi apo chifukwa kutentha sikuthawa. Nyemba zoviika zimapsa ola lisanathe ndipo yuniti imodzi siikwana. Pa hotipuleti nyemba zomwezo zikhoza kudya mayunitsi atatu. Vuto ndi mtengo wogulira, makamaka chitsikireni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, katundu wochokera kunja anakwera yense. Koma kwa banja lodya nyemba, nandolo kapena nyama yolimba kawirikawiri, ndalamayo imabwerera.

Pa hotipuleti pomwepo pali zing'onozing'ono. Poto akhale wa pansi posalala ndi wokwana mbale yonse. Mapoto athu opindika pansi aja amakhudza mbale pakati pokha, kutentha kwina kumangopita m'mphepo. Vundikirani. Zimitsani chakudya chisanapse kwenikweni chifukwa mbale imakhalabe yotentha kwa mphindi zingapo. Madzi a nsima yambani mwawawiritsa m'ketulo, imafulumira ndipo siitaya kutentha kwambiri ngati poto. Ndipo m'ketulo muziika madzi okhawo mukufuna. Otsala thirani m'fulasiki, tiyi wa 10 koloko asayatsitsenso ketulo.

Mayi Kaliati a mafirizi, Mbayani: Nanga ife a bizinesi ya mafirizi ndi thobwa, firiji singazime. Titani?

Bambo Kachingwe, Zingwangwa: Musaizimitse amayi, koma ionetsetseni. Tsekerani pepala pachitseko chake n'kulikoka. Likangosololoka mosavuta ndiye kuti labala yatha, mpweya wozizira ukutuluka ndipo injini siikupuma. Labala amasintha. Ayezi akaunjikana m'makoma msungunuleni. Isagunde khoma kumbuyo, isakhale padzuwa kapena pafupi ndi pophikira. Thobwa lizizire kaye panja musanaliike. Nyengo yozizira ino mukhozanso kutsitsa nambala yake pang'ono.

Wyson, Machinjiri: Anthuni bwanji osangoika sola n'kuiwala zonsezi? Ine nyali, TV ndi foni zonse zili pa sola, magetsi akathima sindidziwa n'komwe.

Yohane kalipentala, Bangwe: Aise Wyson, sola yakoyo ingayatse giza?

Wyson, Machinjiri: Ayi, imeneyo singathe. Ngakhale ayironi, inveta imalira.

Bambo Kachingwe, Zingwangwa: Ndiye mwaona. Sola yaing'ono ndi yabwino pa kuthimathima kwa magetsi, koma imanyamula zinthu zomwe sizidya mayunitsi kale. Ngati cholinga ndi kuchepetsa ndalama, sola yothandiza ndi giza ya dzuwa ya padenga ija. Kwa amene sangaikwanitse, chigubu chakuda chodzaza madzi chikakhala padzuwa kuyambira m'mawa, madzulo ana amasamba ofunda. Masiku a chiperoni okha ndiye zimakanika.

Bambo Gondwe, Chirimba: Ine maganizo anga ndi osiyana. Kuphikira magetsi n'kudzipweteka. Makala ndiye otchipa, ndipo nsima ya pambaula imapsa bwino.

Mayi Jere, Kanjedza: Bambo Gondwe, thumba la makala pano likugulidwa bwanji, ndipo likutha masiku angati? Ambiri timaona ngati makala ndi otchipa chifukwa timagula timapepala ta tsiku ndi tsiku, sitiwerengera pamwezi. Komanso tayang'anani phiri la Ndirande ndi la Soche mmene alili. Mitengo inatha, pano makala akuchokera kutali ku Neno ndi Mwanza, anyamata akukankha njinga mumsewu wa Zalewa usiku wonse. Ife a mu Blantyre tinaona mu Malichi 2023 zimene madzi a namondwe wa Freddy anachita ku Chilobwe atatsika m'phiri la Soche. Sindikunena kuti mitengo ikanaletsa zonse, mvula ija inali yoopsa, koma phiri lopanda mitengo siligwira dothi.

Wyson, Machinjiri: Ndipo zimabwereranso ku magetsi komweko. Magetsi ambiri a dziko lino EGENCO imapangira pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Dothi lokokoloka kumtunda limakadzaza m'madamu amenewo, makina n'kumapanga mochepa. Mukumbukire namondwe wa Ana mu Januwale 2022 ataononga Kapichira, mamegawati pafupifupi 130 anachoka nthawi imodzi, tinakhala mumdima mpaka 2023.

Bambo Gondwe, Chirimba: Zimenezo sindikutsutsa. Koma magetsi akathima nthawi ya nkhomaliro ana adya chiyani? Mbaula m'nyumba mwanga siichoka.

Gogo Nasimango, Chigumula: Isachoke bambo, koma ikhale ya dongo m'kati, osati yachitsulo chokhachokha. Ya dongo imasunga moto, makala ochepa amaphika zambiri. Mukamaliza kuphika zimitsani makala otsala ndi mchenga kapena muwatsekere m'chitini, mawa ayakanso. Amene muli ndi nkhuni, Chitetezo mbaula imangofuna tinthambi tochepa.

Make Tadala, Chilomoni: Ndabweranso. Ndayesa kuyatsa hita yokha ndikuyang'ana kanyali kofiira ka pa mita. Kakuphethira mothamanga zedi, ndikazimitsa kakuchita pang'onopang'ono. Bambo a kunyumba aona okha, agwirizana nazo zoti giza iziyaka m'mawa mokha. A Yohane ndikuimbirani za siling'i ya chipinda cha ana.

Nabanda, Ndirande: Inu zanu zayenda amayi chifukwa nyumba ndi yanu. Ife a lendi zathu n'zina. Pamalo pathu tili mabanja asanu pa mita imodzi, timasonkha mofanana. Ine ndili ndi mababu awiri ndi wailesi, mnzanga wa khomo lachitatu ali ndi hotipuleti ndi firiji yaikulu. Ndikasunga ine, phindu likupita kwa iye. Siling'i ndingaike bwanji m'nyumba ya eni, mawa akandiuza kuti ndisamuke?

Bambo Gondwe, Chirimba: Apa ndiyankhe ngati landilodi. Kusonkha mofanana kumadanitsa anthu, ine ndinakusiya. Khomo lililonse ndinaliikira kamita kake kowerengera, mita yaikulu ya ESCOM n'kukhala imodzi yomweyo. Tikagula mayunitsi, aliyense amalipira molingana ndi nambala ya pakhomo pake. Chiikireni, amene ankasiya hotipuleti ikuyaka kuti aziothera anasiya okha popanda kuwalankhula. Za siling'i kambiranani ndi eni nyumba kuti muike inu, ndalamayo azidula pa lendi mwezi ndi mwezi, ndipo mulemberane papepala pali mboni. Landilodi woganiza bwino sangakane, nyumbayo ikukongola ndi yake.

Nabanda, Ndirande: Si onse ali ngati inu bambo. Koma ndiyesa, ndiyamba ndakambirana ndi anzanga a pamalopo kuti tipite limodzi.

Membala wina, Manja: Pali anyamata ena amatha kukonza mita kuti iziyenda pang'onopang'ono. Amene akufuna andipeze kumbali.

Mayi Chirwa, woyang'anira gulu: Achimwene, uthenga umenewo ufufuteni chonde. Kumeneko n'kuba magetsi, ndi mlandu, ndipo mawaya olumikiza mobisa ndi amene amayatsa nyumba anthu ali m'tulo. M'malo mothinana ngati Manja kapena Mbayani moto wa nyumba imodzi sutha pa nyumba imodzi. Pagulu pano zimenezo ayi.

Nabanda, Ndirande: Bambo Kachingwe, funso lina. Pamalo pathu timakayikira kuti mwina pali wina kuseri amene anakokako waya, chifukwa ngakhale tonse titachoka mayunitsi amatsika. Tingadziwe bwanji?

Bambo Kachingwe, Zingwangwa: Gwirizanani tsiku limodzi nonse asanu muli pakhomo. Zimitsani chilichonse ndi kuzula mapulagi onse, firiji ya mnzanuyo isaiwalike chifukwa mwina ndi imene imatsitsa mayunitsi mukachoka. Kenako yang'anani kanyali ka pa mita kwa mphindi zingapo. Kakasiya kuphethira, palibe wakuba, nkhani ili pakati panu nokha. Kakapitiriza, tsitsani maswichi a pa bolodi imodziimodzi mpaka kaime, mudziwa nthambi imene ikudya. Ikhoza kukhala waya wopita kwa munthu wina, kapena waya wosupuka amene akutayira magetsi m'khoma lonyowa kapena m'malata, ndipo ameneyo ndi woopsa kuposa wakubayo. Musakwere padenga kukafufuza nokha. Swichi ya nthambiyo isiyeni yotsitsa, muuze eni nyumba, aitane wa zamagetsi amene ali ndi chiphaso cha MERA, bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta. Za timamita towerengera tija, akabwera mumufunsenso ngati mawaya a khomo lililonse anapatulidwa bwino, chifukwa ngati makomo awiri ali pa nthambi imodzi ayenera kuyamba wawalekanitsa asanaike.